Utoto wa Khofi pa Galasi

Kadafika Lachiwiri m'mawa,
nkhungu isanachoke padoko la Valparaíso,
kachidutswa kochepa kuposa njere ya mpunga,
kakuyandama m'kabotolo.
Papepala: zaka makumi anayi ndi zitatu, bere lamanzere.
Dzina sindidafune kuliwerenga, koma maso alibe mpanda.
Ximena Carvallo.
Ndi uja amayendetsa chikepe chokwera phiri lathu,
amene amandipatsa chenji osandiyang'ana,
maso ali pachingwe.

Ndidakamiza m'phula, phula lidauma.
Mpeni wa makina udasenga tizidutswa
topyapyala kuposa khungu la anyezi,
ndidatiyandamitsa pamadzi ofunda
n'kutitola ndi galasi.

Kenaka ma antibodi.
Amabwera m'kabokosi kozizira kuchokera kutsidya kwa nyanja,
timadontho tooneka ngati madzi wamba,
mtengo wake kuposa lendi yanga.
Sadziwa chisoni. Sadziwa Ximena.
Amadziwa nkhope imodzi basi,
puloteni imodzi pakhoma la selo,
ndipo akaipeza amaimata ngati chisoso pasokosi.
Akaisowa, madzi amawakokolola,
galasi n'kutsala mbuu.

Ndidatchera wotchi. Ndidatsuka makapu oyera kale.
Panja mbalame zam'nyanja
zinkalimbirana matumbo a nsomba.

"Eulogia, tabwera uone,"
adatero Dokotala Paillán, diso lili pamaikulosikopu.
Ndidawerama.
Selo lililonse lidavala mkombero wa khofi,
wakuda bii, wosaduka paliponse,
kulumikizana ngati waya wa khola la nkhuku.
Adalemba HER2, nambala yachitatu ndi kamtanda,
n'kuvula magalasi, n'kupukuta pomwe padalibe fumbi.

Ndikudziwa tanthauzo lake.
Khansa iyi sikwawa, imathamanga.
Azakhali anga a Fresia
adaona kachotupa nthawi yokolola mphesa,
pofika Khirisimasi tinkagawana madiresi awo.
Kaya yawo idali yomweyi, palibe angandiuze.
Masiku amenewo kuno kunalibe dontho lofunsira selo
kuti ndiwe yani, ukuthamangira kuti.

Koma chomwe chikuipatsa liwiro
ndicho chikuiulula.
Yamera makutu ambirimbiri omvera mawu oti kula, kula,
ndipo khutu ndi pogwirira.
Kuli antibodi wina, wa m'diripi,
wolowa m'mtsempha pakatha masabata atatu aliwonse,
amene amafunafuna makutu omwewo n'kuwatseka.
Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi,
ndidanong'ona, ndikuloza galasi,
ngati chotupa chimamva miyambi.

Sindilonjeza kanthu.
Ndaonapo utoto wokongola chonchi
mankhwala n'kukanika ndithu.
Ndaonapo mtima ukutopa chotupa chisanagonje.
Ndipo galasi lotsatira, la mayi wina wa ku Quilpué,
lidatuluka lotuwa, lopanda ndi kadontho komwe,
khansa yosavala chizindikiro,
yosapereka khutu.
Iyeyo njira yake ndi ina, yotalikirapo mwina,
ndipo dzina lake ndidakwanitsa kusaliwerenga.

Madzulo ndidaima pamzere wa chikepe.
Ximena adali pampando wake,
juzi yobiriwira, ndodo yachitsulo m'dzanja,
dzanja lamanzere akulisunga pafupi ndi nthiti
pomwe singano idalowa.
Zotsatira zimufika Lachinayi, m'chipinda chotseka,
kuchokera pakamwa pololedwa kunena.
Langa si limenelo.

Ndidapereka ndalama, adabweza chenji.
"Kwazizira lero," adatero.
"Kwazizira," ndidavomera.

Chingwe chidakoka, matabwa adalira.
Pakati pa phiri tidadutsana ndi chikepe chinzake,
chifukwa kuti ichi chikwere
china chiyenera kutsika,
ndipo ndidayang'ana kumbali.
M'dzanja langa kandalama kadali kofunda,
kofiirira m'mphepete monse,
mkombero wosaduka paliponse.